Mbiri ya Malemu Kuseri kwa Khadi

Pa mpingo wathu wa Amalawi kuno ku Glasgow, munthu akamwalira amayamba aimbira ine foni asanaimbire abusa. Sindikudzitama ayi. Abusa amapemphera, amayi amaphika, koma wolemba mbiri ya malemu ndine, ndipo ndakhala ndikuilemba kuyambira chaka chomwe ndidatsika ndege. Kumudzi ndidali mphunzitsi wa sekondale, ndiye cholembera chimandimvera. Ndipatseni munthu amene adabwereza folomu imodzi katatu, ine ndidzaima kutsogolo n'kunena kuti malemu ankakonda sukulu kwambiri. Chidakwa chimasanduka munthu wochezeka. Wandewu amakhala munthu wosabisa chilungamo. Palibe adatulukapo m'manja mwanga ali munthu wamba.

Ntchito imeneyi kuno ndi yosavuta, chifukwa tonse tidayamba kale kudzilembera mbiri tili moyo. Pitani ku phwando lililonse la Amalawi ku Easterhouse mukafunse anthu zomwe ankachita kumudzi. Simukapezako mlonda, kalaliki kapena wogulitsa kaunjika. Onse adali mabwana. Ndimadabwa kuti dziko lija likuyendabe bwanji poti mamanejala ake onse ali kuno, akusintha okalamba matewera pa shifiti ya m'mawa. Inenso ndili momwemo. Kwathu ku Ntcheu amadziwa kuti ndili m'zaumoyo, ndipo sindidawaletsepo akamanditcha adokotala. Mbiri yanga yomwe ndidailemba kale, ili mufoni, kuopa kuti tsiku langa likadzafika angadzaipereke kwa munthu wosadziwa kukometsa. Imati ndidasiya mkazi mmodzi ndi ana awiri. Alipo wachitatu, mtsikana amene ndidabereka ndisanakwatire, koma ameneyo adatsala ku Ntcheu ndi amayi ake, ndipo mbiri yabwino siyenera kutalika.

Ndimagwira ntchito ku nyumba ina yosamalira okalamba ku Shawlands. M'chipinda cha kumapeto, pafupi ndi kochapira, munkakhala madala ena achizungu, mbadwa ya mumzinda muno, oonda, a makutu akuluakulu, amene kapusi yawo tinkachita kulimbirana posamba. Pansi pa bedi lawo padali zitini zisanu za mabisiketi, koma mudalibe bisiketi ngakhale imodzi. Mudali timakadi ta osewera besibolo a ku America: kutsogolo chithunzi cha mwamuna atagwira ndodo, kuseri timizere ta manambala ting'onoting'ono. Kwa osadziwa, besibolo ndi raundasi ija atsikana ankasewera pa bwalo la sukulu, kungoti iyi amasewera ndi madoda a ndevu atavala ngati akupita kogona, ndipo amalandira nayo malipiro. Mumzinda muno amuna amatha kusiya kulankhulana mpaka kufa chifukwa cha matimu awiri a mpira wamiyendo, koma madala amenewa adalibe nazo ntchito zonsezo.

Pa zaka ziwiri zomwe ndidawasamala sikudabwere munthu kudzawaona, ngakhale pa Khirisimasi. Tsiku lina ndikulemba lipoti ndidaona kuti mufayilo yawo, pomwe pamalembedwa wachibale, padalibe kanthu. Ndidafunsa abwana athu, mayi wokoma mtima koma wothamanga nthawi zonse, kuti madalawa akadzatisiya zidzakhala bwanji. Adati khonsolo imaona zonse: bokosi, galimoto, ndi nthawi kootchera mitembo. Ndidafunsa kuti nanga mbiri adzawerenga ndani. Adandiyang'ana ngati ndafunsa kuti mbuzi adzapha ndani. Adati ngati palibe womudziwa munthuyo, amangotchula dzina ndi zaka zake, katani yobisa bokosi n'kutseka.

Zidandiwawa, ndinene zoona. Zootcha mitembo ndidazolowera kuzimva. Koma kuti munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu achoke padziko popanda woimirira n'kunena kuti adabadwira kuti, adachita chiyani, wasiya ndani, zimenezo ndidakana. Kunyada kudalipo ndithu, chifukwa sizikadamveka kuti maliro adutsa opanda mbiri ine ndili pompo. Ndidagula kope pa shopu ya pakona, pachikuto n'kulembapo kuti MBIRI, ndipo ndidatsimikiza mtima kuti madalawa sadzatsekeredwa katani kopelo lisanadzaze.

M'mawa mwake ndikuwameta ndevu ndidayamba ndi ulemu wonse.

"Bambo, kodi mudabadwira kuti?"

"Aphunzitsi," adatero, poti ndi momwe ankanditchulira chidziwireni ntchito yanga yakale, "mukudziwa kuti kudali womenya mpira wina amene ankadya nkhuku tsiku lililonse asanalowe m'bwalo?"

Ndidati sindikudziwa, koma kwathu munthu wotere timamutcha mlendo, apo ayi m'busa. Sadaseke. Adandifotokozera za munthuyo kuyambira komwe adakulira, matimu omwe adasewera, mpaka pomwe adapuma, ndipo pomwe ndinkatsuka lezala funso langa lidali litamira. Tsiku lotsatira ndidafunsa za makolo awo. Adandiuza za woponya mpira wina amene adabadwa wopanda dzanja limodzi, yemwe ankati akaponya amavala chigolovesi pa dzanja lomwelo mpira usanabwerere. Tsiku lachitatu ndidafunsa za sukulu. Adandiuza za wosewera amene timu yake idamupereka kwa timu ina posinthanitsa ndi nkhukundembo. Ndidawauza kuti kwathu ngakhale mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha eni umatha ndi zoposa pamenepo.

Sikuti adali osokonezeka mutu. Ena m'nyumba ija ankandiyesa mchimwene wawo kapena dalaivala wa basi, koma awa mutu udali wakuthwa. Ankadziwa mbiri za anthu mazanamazana amene sadagwiranepo nawo chanza. Uyu adavulala chigongono n'kuthera pomwepo, uyu adapita kunkhondo ntchito ili pakati n'kubwerako kudzapitiriza, uyu atapuma adakagulitsa magalimoto. Za iwo eni, ziii. Mwezi udatha kope lili loyera, ndipo ine ndidapsa mtima. Ndidafinyapo mbiri kwa akazi amasiye atatu a mwamuna mmodzi, aliyense n'kutuluka wokhutira, ndiye lero ndigonje kwa munthu amene mano ake ndimatsuka ndekha mukapu?

Adayambitsa pangano ndi iwowo. Adaona kope lija m'thumba la yunifolomu n'kufunsa kuti ndi la chiyani. Ndidawauza mosabisa, ndi za katani zomwe. Adayang'ana mvula pazenera, kenako adati chabwino, koma mbiri yawo si yaulere. Lachisanu lililonse azindifunsa mafunso atatu a besibolo. Funso lililonse lomwe ndakhoza, ndizifunsa langa limodzi, ndipo aziyankha zoona. Ndikalakwa onse, ndidikire sabata yamawa. Adandilola kujambula makadi pafoni kuti ndiziwerengera kunyumba.

Ndidalowa sukulu ndili ndi imvi. Kuchokera ku Easterhouse ndimakwera basi kufika m'tauni, n'kukweranso ina yowoloka mtsinje, ndipo ulendo wonsewo maso ankakhala pafoni. Ndidaloweza kuti ndani ankaponya ndi dzanja lamanzere, ndani adabadwa ndi zala zisanu n'chimodzi, ndani adasewera limodzi ndi mwana wake m'timu imodzi. Tsiku lina m'tchalitchi ndinkabwereza chamumtima milomo ikuyenda ulaliki uli mkati, ndipo wina adakanena kwa abusa kuti alembi ayamba za malilime. Mayi a kunyumba, omwe ndi namwino weniweni wa m'chipatala, adangondiyang'anira kwa milungu iwiri, kenako zidawakwana.

"Bambo a ana, mayeso a unzika aja mudagwa kawiri chifukwa mumati mulibe taimu yorivaiza. Lero mukurivaiza za anthu omenya mpira ndi ndodo. Kodi bathidei ya mwana wanu wa ku Ntcheu uja mukuidziwa?"

Ndidawauza kuti asasakanize nkhani. Adati sakusakaniza, akungofunsa funso la Lachisanu.

Lachisanu loyamba ndidagwa onse atatu. Madala adaseka mpaka kapusi kugwa, n'kundiuza kuti ndisadandaule, chifukwa m'masewera amenewa munthu wophonya kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi amatengedwa kuti ndi katswiri. Ndidati ndikadadziwa zimenezi kale ndikadawauza makolo a ana omwe ndinkaphunzitsa masamu. Lachisanu lachiwiri ndidakhoza limodzi, ndipo ndidabwereza funso langa loyamba lija. Adati adabadwira ku Gorbals, m'chinyumba chosanja chomwe adachigwetsa kalekale, chimbudzi chili pamasitepe cha mabanja angapo. Ndidalemba kuti malemu adabadwira pakatikati pa mzinda wa Glasgow, m'dera lotchuka.

Chomwe chidandizunguza pa makadi aja ndi kadanga kena kakumapeto pa ena mwa iwo. Ndidafunsa kuti manambala amenewa ndi a chiyani. Adati ndi zophonya. Pa masewera aliwonse pamakhala munthu wolembedwa ntchito, wakhala pamwamba ndi cholembera, ndipo wosewera akagwetsa mpira womwe amayenera kuwakha, munthuyo amalemba. Sizifufutika. Wosewerayo akapuma zimakhalapo, akamwalira zimakhalapo, zidzukulu zake zimaziwerenga. Adandiuza za wina amene adasewera bwino zaka zambirimbiri, koma tsiku limodzi lalikulu mpira udamudutsa pakati pa miyendo dziko lonse likuonera, ndipo anthu ambiri amangomudziwira zomwezo. Ndidati anthu amenewa alibe chisoni, kwathu munthu wolemba zotere sangamwe madzi pamudzi. Madala adati n'chifukwa chake amawakhulupirira makadiwo. Akaona zophonya za munthu, amadziwa kuti zabwino zomwe zalembedwa pambali pake zidachitikadi.

Miyezi idapita, kope n'kumadzaza pang'onopang'ono. Funso la munthu wa nkhuku lidandipatsa za sukulu: adalekeza panjira, osati chifukwa cha umphawi, koma sankaifuna. Funso la woponya wa dzanja limodzi lidandipatsa za sitima: ali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zingapo adakwera sitima ya pamadzi kupita ku America. Ndidaona kale chiganizo chotsegulira mbiri, ndidaona nkhope za anthu akumva kuti m'bokosimo mwagona katswiri wa mpira wa kutsidya kwa nyanja. Sabata yotsatira ndidarivaiza ngati wamisala, ndidakhoza awiri, n'kufunsa kuti ankasewera timu yanji ndipo pamalo ati.

Adati sadamenyepo mpira chibadwire. Ankachapa zovala za timu ina yaing'ono ya m'magulu apansi, yoyenda pa basi kuchoka tauni ina kupita ina. Masokosi, mabuluku, matawulo. Osewera akachoka iwo ankatsala akukwecha matope a m'mawondo. Ena mwa anyamata omwe adawachapira adakwera n'kufika pamakadi, ambiri adabwerera kwawo kukalima. Patapita zaka adabwerera ku Glasgow ndi zitini zawo, n'kulowa ntchito yotchetcha udzu m'mapaki mpaka kupuma.

Sindidataye mtima. Zoipa kuposa izi ndidaziongolapo. Ndidalemba kuti malemu adatumikira m'magulu a zamasewera a ku America pa udindo woyang'anira zaukhondo, ndipo atabwerera kwawo adadzipereka pa ntchito yosamalira chilengedwe. Ndidanyadira chiganizocho moti ndidalakwitsa n'kuwawerengera, ndikumasulira m'Chingerezi. Poyamba adaseka mpaka kutsamwa, ine n'kuwamenya pamsana. Atapuma nkhope idasintha.

"Ameneyo ndani?"

"Ndinu, bambo."

"Ine ndinkachapa masokosi, aphunzitsi. Ndipo ndinkachapa bwino. Mukakanena za mkulu wa zaukhondoyo, ndiye kuti mwaika munthu wina, ine ndapitabe wopanda mbiri."

Adati ngati ndikufunadi kudzaima pamaliro awo, ndidzawerenge monga kuseri kwa khadi, ndi kadanga kakumapeto komwe, apo ayi ndiwabwezere mayankho awo. Ndidawafotokozera kuti kwathu maliro si bwalo la milandu, timakwirira munthu ndi nsalu yabwino. Adati iwo si a kwathu. Ndidalonjeza ndi pakamwa, mumtima ndikuti tsikulo likadzafika mwini wake sadzakhala ndi mpata wotsutsa.

Nyengo yozizira itayamba adayamba kufooka. Chakudya ankangochilawa, kapusi idayamba kukula. Adokotala enieni adabwera, n'kulankhula ndi abwana athu motsitsa mawu pakhomo. Lachisanu lina masana ndidawapeza atatsamira mapilo, ndipo adati lero funso ndi limodzi lokha chifukwa mpweya ndi wochepa. Adafunsa kuti zidatheka bwanji kuti wosewera wina asinthanitsidwe ndi iye mwini. Ndidaidziwa. Timu yake idamupereka kwa timu ina, pangano lili loti enawo adzapereka munthu wawo m'tsogolo, ndipo atamuona kasewero kake adabweza yemweyo. Madala adagwedeza mutu n'kunena kuti ndafika. Funso langa ndidali nalo kalekale, chifukwa mbiri yopanda mzere umenewu si mbiri. Ndidafunsa kuti asiya ndani.

Adandiuza kuti nditulutse chitini chachisanu, chomwe sadandilolepo kutsegula. Pansi pa makadi padali chithunzi cha kamtsikana kovala chikhoti chachikulu, kataima pamasitepe. Chidali m'kapulasitiki ngati makadi awo a mtengo wapatali. Adati nditembenuze. Kuseri adali atajambula timizere ndi rula, kumanzere n'kulemba zaka motsika. Mizere inayi yoyamba idali ndi mawu: wamera mano, wayamba kuyenda, amaimba akamadya, amaopa agalu. Kuyambira mzere wachisanu padali chaka chokha, kutsogolo kwake kopanda kanthu. Malo atatha adamatako pepala, litatha adamatanso lina, ndipo zakazo zidatsika mpaka chaka chomwe tidalimo.

Adati ameneyo ndi mwana wawo, ndipo adakwera sitima ija mwanayo ali ndi zaka zinayi, atauza mkazi wawo kuti akapeza ntchito awaitana. Sadawaitane. Atabwerera adamva kuti mkaziyo adamwalira ndipo mwanayo ali mumzinda momwemo, koma sadapite. Chaka chilichonse ankati apita chaka chamawa, n'kulemba chakacho papepala. Ndidafunsa chifukwa chake, ngakhale ndidalibe funso lotsala. Adati chifukwa padalibe, adangochita mantha, ndipo mantha akakhalitsa amasanduka khalidwe. Adati chimenecho ndicho cholowa m'kadanga kaja, ndipo ndisadzachikometse.

Adamwalira Lachiwiri lotsatira, dzuwa likadalipo, ine ndili pa ofu. Abwana athu adandiimbira okha, n'kunena kuti apempha a khonsolo ndipo andipatsa mphindi zisanu zowerenga mbiri pamaliro.

Ndidalengeza pa gulu lathu la pafoni kuti kuli maliro a munthu wopanda abale. Apa ndiye anthu akwathu ndimawanyadira, ngakhale amanditopetsa. Mmalawi sangamve za maliro opanda anthu n'kukhala pansi. Amayi adasinthana mashifiti, wina adabukitsa minibasi, mpunga ndi nkhuku zidagawidwa ophika. Koma uthenga uja poyenda udanenepa. Ine ndidalemba kuti malemu adakhalako ku America ndipo ankakonda besibolo. Pofika Lachinayi adali katswiri wa besibolo. Pofika Loweruka adali kaputeni, ndipo mayi wina adalumbira kuti adawaonapo pa kanema. A wapampando a mpingo wathu, omwe kumudzi akuti adali mkulu wa nthambi yonse m'boma ndipo kuno amayendetsa galimoto yoperekera katundu, adandiitanira pambali titaweruka mapemphero. Adapempha kuona mbiri. Ndidawaonetsa ya zaukhondo ndi chilengedwe ija. Adati ili bwino koma ndi yowonda, n'kuwonjezera ndi cholembera chawo kuti malemu adali bambo wokonda banja ndi woopa Mulungu. Ndidati madalawa sindidawamvepo akutchula Mulungu, kupatula pomwe madzi osamba azizira. Adati alembi, musayambe zachilendo, anthu asiya mashifiti.

Ndidapita kumaliro ndi mapepala awiri m'jekete, lina kumanja lina kumanzere. Kootchera mitembo kudali kaholo kaukhondo, kofunda, ndipo bambo woyang'anira pamalopo adatuluka maso ataona minibasi ikutsitsa amayi ovala zoyera ndi mipango kumutu. Adali atakonzekera anthu atatu. Tidadzaza mabenchi, tidaimba nyimbo yathu ya maliro mpaka mazenera kunjenjemera, ndipo ndikukhulupirira kuti madala aja sadaimbiridwepo chonchi ali moyo. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kudakhala mayi wina wachizungu wa imvi, atavala chikhoti cha mvula, manja ali m'matumba. Abwana athu adandinong'oneza kuti a khonsolo adafufuza n'kupeza mwana wa malemu. Mwanayo adakana kuyendetsa mwambo, koma adati mwina abwera.

Nditaitanidwa ndidaimirira dzanja lili kumanja, komwe kudali pepala la a wapampando. Ndidayang'ana bokosi, ndidayang'ana mayi uja. Ndidaganiza zonena pamaso pake kuti malemu adali bambo wokonda banja, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ntchito yanga yonse ya ulembi ndidachita manyazi. Ndidatulutsa la kumanzere, n'kuwerenga m'Chingerezi monga mwini wake ankafunira.

"Malemu adabadwira ku Gorbals, m'nyumba yomwe kulibenso. Sukulu adalekeza chifukwa sankaifuna. Ku America ankachapa masokosi ndi mabuluku a timu yaing'ono ya besibolo, ndipo ankachapa bwino. Adatchetcha udzu m'mapaki a mzinda uno mpaka kupuma. Ankadziwa pamtima mbiri za osewera mazanamazana, ndipo sadanamizirepo ngakhale mmodzi. Zophonya: chimodzi. Adasiya mkazi ndi mwana wa zaka zinayi, ndipo atabwerako adakhala mzinda umodzi ndi mwanayo osakagogoda pakhomo pake. Adati ndinene kuti chifukwa padalibe, adangochita mantha."

Mphindi zisanu zija sindidathe ngakhale ziwiri. Mayi mmodzi yekha wa kwathu adati "Amen" mwachizolowezi, n'kudzigwira pakamwa. A wapampando ankandiyang'ana ngati ndatukwana pa guwa. Katani idatseka yokha pang'onopang'ono, ndipo amayi adayambitsa nyimbo ina mofulumira kuti akwirire zomwe zachitika.

Panja kunkawaza mvula. A wapampando adandipeza koyamba. Adati ndawachititsa manyazi pamaso pa azungu, anthu adabwera kudzaika kaputeni ine n'kuwapatsa wochapa masokosi, ndipo kuyambira tsopano mbiri iliyonse izidutsa kaye ku komiti. Mpaka lero imadutsadi. Ali mkati molankhula, mayi wa chikhoti uja adafika n'kuima patsogolo panga.

"Mudalemba ndinu zimenezija?"

"Adachita kundiuza okha, mayi. Ine ndikadalemba zina."

"Ndidabwera ndi mawu ali pakamwa," adatero. "Ndimati wina angonena kuti adali bambo wabwino, ndiimirire. Tsopano sindikudziwa kuti ndipite nawo kuti."

Chithunzi chija chidali m'thumba langa, poti abwana athu adati ngati mwanayo abwere ndimupatse. Nditamupatsa adachiyang'ana kutsogolo, n'kuchitembenuza, mapepala omata aja n'kutambasuka mpaka m'chiuno. Adawerenga mizere inayi ija, kenako chala chake chidatsika ndi zaka zopanda kanthu zija mpaka pansi. Sadalire. Adati agalu amawaopabe. Adati adayendetsa basi mumzinda muno zaka zambiri, njira ya ku Shawlands yomwe, ndipo mwina adawanyamulapo bambo akewo kangapo osadziwana. Ali ndi ana awiri ndi mdzukulu, ndipo poti malo alipo papepalapo akalembamo yekha. Amayi athu adamupanikiza ndi kontena ya mpunga ndi nkhuku, iye adayesa kukana, koma sadadziwe kuti akulimbana ndi ndani. Adapita pokwerera basi kontena ili m'khwapa.

Ine ndidakana minibasi, ndidati ndili ndi pena podzera. Ndidakwera basi ya m'tauni, ndidakhala pamwamba kutsogolo, n'kutsegula mbiri yanga mufoni. Ndidapita pa mzere wa ana, ndidafufuta awiri n'kulemba atatu. Kenako ndidafuna kuwonjezera chiganizo chimodzi chonena za wachitatuyo, mtsikana wa ku Ntcheu uja, monga ndidachitira ndi awiri enawo, ndipo chala chidaima. Sindinkadziwa ngati adamaliza kozi yomwe ndidamva kuti adayamba, ngati ali pabanja, ngati amaopa agalu. Ndinkadziwa matimu onse a munthu wodya nkhuku uja, motsatana kwake.

Nambala ya amayi ake ndidali nayo, yosungidwa pa dzina la sitolo ya simenti. Ndidaimba basi ikuwoloka mtsinje. Idaitana nthawi yaitali, kenako adayankha ndi mawu a mtsikana wamkulu, aulemu, omwe sindidawamvepo.

"Halo, ndikulankhula ndi ndani?"

Ine amene ndakhala ndikuuza mipingo yathunthu kuti uyu adali ndani, ndidasowa poyambira. Ndidatchula dzina langa lokha, popanda udokotala, n'kudikira.